Mpando wa Pambali pa Apongozi

"Ndikufunsa inu, bambo a Anabela, pakamwa mudasiya kuti tsiku limene lija?"

Cosme adangopitiriza kupinda malaya n'kumaika m'chikwama ngati kuti wolankhulayo ndi wailesi ya kunyumba ina. Rhoda adaima pakhomo, mwana kumsana, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, pakuti nkhaniyi idam'peza m'chigafa akusankha fodya ndipo adangosiya zonse n'kuthamanga. Mtima udali utamuwawa, ndipo Rhoda mtima ukamuwawa sanong'ona ayi.

Adamuuza mwamuna wake kuti m'kalasi amalankhula mpaka thovu kukamwa, ana mpaka kuiwala njala, koma atabwera anthu oti amve za ntchito yake ndiye adasanduka chitsa. Adamukumbutsa kuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Cosme adatseka chikwama, nakhala pakama.

"Mayi a Anabela, mukadakhala inu mukadanena? Amayi anu ali apa, bondo lawo ndi langa kutsala pang'ono kugundana, ine n'kuyamba kufotokoza za kumwezi kwa atsikana?"



Nkhani yake idali iyi. Cosme adali profesori, ndiye kuti mphunzitsi, pa sikola ya m'mudzimo, ku Chidzolomondo, ndipo ndiye ankayendetsa gulu la siyensiya, kapena kuti sayansi, limene bungwe lina la ku Tete lidakhazikitsa. Bungwelo lidapereka bokosi la zipangizo, magalasi okulitsa tizilombo, timabotolo toyesera dothi, ndi chithunzi chachikulu cha m'kati mwa thupi la munthu. Sabata yapitayo kudabwera anthu awiri odzaunika ngati ntchitoyo ikupindula: bambo wina wachikulire wovala magalasi, ndi mtsikana wodekha dzina lake Cláudia, amene ankaphunzira kumene ntchitoyo ndipo ankangolemba. Bamboyo sadali munthu woipa, ayi ndithu. Adapereka moni kwa aliyense, ndipo pofuna kuti pasakhale wamkulu kapena wamng'ono, adasanja yekha mipando mozungulira. Kenaka adagwira pamkono a Lestina, amayi ake a Rhoda, poti ndiwo mkulu wa konselyu, komiti ya makolo ya pasikolapo, n'kukawakhazika pambali penipeni pa profesori. Nanga ndani akadamudula mlendo pagulu n'kumuuza kuti awa ndi apongozi ake a Cosme, amene chikwatirireni sadayang'anane naye maso ngakhale kamodzi?

A Lestina adatembenuka n'kupereka msana, chitenje kumutu. Cosme maso pansi. Ndiye mlendo uja, mwaulemu wake wonse, adafunsa m'Chipwitikizi kuti mutu wa m'buku wonena za kukula kwa atsikana amauphunzitsa bwanji. Cosme thukuta kamukamu. Atafunsidwanso ngati amauphunzitsa iye mwini, adangoti "não," kutanthauza kuti ayi, basi.

Tsono m'mawa umenewu a diretori, mkulu wa sikolayo, adamuitana Cosme n'kumuuza zimene zidalembedwa mu relatoriyu, lipoti la alendowo. Akuti profesori amalumpha mutu wofunika, mwina chifukwa saudziwa. Akuti makolo sakumufuna, ndipo umboni wake ndi woti mtsogoleri wawo adamufulatira pamaso pa alendo. Ana akangotsekera, bokosi lipita ku sikola ina ndipo gulu litha.

Cosme adati iye sangakhale pamudzi wa eni ali ndi dzina la mphunzitsi mbuli. Apempha kuti amusamutsire kwawo ku Ntengo-Wambalame, ndipo chikwamacho chikhale chomangiratu. Koma Rhoda adali mwana mmodzi yekha wa a Lestina. Munda, chigafa, manda a bambo ake, zonse zidali pompano, ndipo amayi ake akadawasiya ndi yani? Adadziwa kuti chikwama chimenecho chikatuluka pakhomo, banja lake lagawika pakati.

Masana adakawapeza amayi ake kumunda akuzula nyemba. Adawauza zonse osabisa, mpaka za chikwama. A Lestina adaweruka, nagwira m'chiuno, n'kuyang'ana kuphiri nthawi yaitali. Adati iwo adachita zimene amayi awo adawaphunzitsa, ndipo adafulatira chifukwa cha ulemu, osati chidani. Nanga ulemu nawo wasanduka mlandu? Rhoda adaona kuti maso awo afiira, ndipo adawamvera chisoni, chifukwa amayi akewo sadali munthu wolira wamba.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Rhoda n'chakuti mutu umenewo unkaphunzitsidwa, ndipo unkaphunzitsidwa bwino kuposa mitu yonse. Cosme atangolandira bukulo adadziwa kuti mwamuna sangaime pamaso pa ana aakazi a eni n'kumatchula zimenezo, mawa lake makolo akadawatulutsa onse m'sikola. Ndiye adapeza njira yake. Madzulo pakhonde ankamufotokozera mkazi wake, akujambula pansi ndi kamtengo, mpaka Rhoda atamvetsa n'kubwereza yekha. Rhoda ankapita nazo kwa amayi ake pokonola chimanga. A Lestina, amene adalinso mkulu wa alangizi a kumpingo, ankazitengera kwa alangizi anzawo, ndipo iwo ndiwo ankakhala pansi ndi atsikana. Funso likawakanika, linkabwerera njira yomweyo mpaka kukafika pakhonde paja. Chiyambireni zimenezi atsikana adasiya kujomba masiku awo akafika, adaleka kuopa kuti alodzedwa m'mimba mukapota, ndipo adaphunzira kusoka nsalu zawo zoyera. Koma kuti nzeruzo zimachokera kwa mkamwini, palibe ankatchula. Amene ankaganizira ankangoti kukamwa tseke, poti mayi wamkulu kuphunzira za chikazi kwa apongozi ake ndi nkhani yoti ikamveka kumjigo, nyimbo yabadwa.

Rhoda adagona nazo masiku angapo. Cosme ankapita ku sikola ngati wopita kumaliro, ana akamufunsa za magalasi aja ankangoti mawa. Tsiku la msika Rhoda adathira nyemba m'thumba, nabereka Anabela, n'kuwauza apakhomo kuti akukagulitsa ku Furancungo. Nyembazo zidali chophimba m'maso chabe. Adamva kuti alendo aja akadali m'boma momwemo, akuyendera masikola ena.

Chapa, ndiye kuti minibasi, idamutsitsa ali mbuu ndi fumbi. Adafunsafunsa, poti safunsa adadya phula, mpaka adawapeza pa nyumba ya alendo kuseri kwa msika. Mwamwayi amene adatuluka adali Cláudia. Rhoda adali atakonza Chipwitikizi chake njira yonse, koma mtsikanayo adagwada pang'ono n'kumulonjera m'Chichewa chenicheni cha ku Tsangano, adafunsa za mwana, adafunsa za kumudzi, n'kumuyalira mphasa pamthunzi. Atamva kuti uyu ndi mkazi wa profesori ndiponso mwana wa amayi a chitenje aja, adagwira pakamwa.

Cláudia adati iye adazindikira pomwepo, chitenje chija chitakwera kumutu, kuti umenewu ndi ulemu wa apongozi. Pobwerera adawauza abwana ake m'galimoto, koma iwo adati maganizo a munthu si umboni, ndipo profesori adavomera yekha kuti mutuwo sauphunzitsa. Tsono Rhoda adatsitsa mawu n'kumufotokozera za pakhonde, za pamtondo, ndi za alangizi. Cláudia adamvetsera osalemba kanthu, ndipo atatha adamupempha kuti adikire.

Cláudia adakhalitsa m'katimo. Potuluka adatuluka ndi bambo wa magalasi uja, ndipo Rhoda adakonzeka kukalipiridwa. Koma bamboyo adavula magalasi, napukuta kumaso, n'kunena kudzera mwa Cláudia kuti wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo mipando wakhala akuisanja chomwecho kulikonse, akuyesa kuti akuchita bwino. Tsopano akudzifunsa kuti ndi angati ena amene adawatseka pakamwa ndi ulemu wakewo. Adati relatoriyu sidatumizidwe kubungwe, koma sangaisinthe chifukwa cha chisoni, pafunika umboni woona. Adamuuza Cláudia kuti apite yekha akaone, chifukwa iye akabwera adzawononganso. Rhoda adamulemekeza munthuyo kuchokera pansi pa mtima. Akuluakulu ovomera kuti aphonya ndi osowa ngati mvula ya mu Ogasiti.

Cláudia adafika pa njinga yamoto sabata yotsatira, atavala chitenje, ndipo sadayambire ku sikola. Adayambira m'chigafa. Adakhala pansi ndi amayi n'kumasankha nawo fodya, molakwitsa ndithu, masamba abwino kuika ku oipa, mpaka amayi adayamba kumuseka kuti sikola yonseyi koma fodya wamukanika. Iye ankaseka nawo. Tsiku loyamba sadafunse chilichonse cha ntchito yake, moti Rhoda adayamba kutekeseka kuti kodi mtsikanayu wadzacheza? A Lestina ndiwo adamudzudzula mwana wawo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atayamba kufunsa, funso lake lidadabwitsa onse. Sadafunse kuti atsikana akudziwa chiyani. Adafunsa amayiwo kuti, iwo eni ake, angadziwe bwanji kuti mwana waphunziradi. Padali phokoso. Wina adati ukaona mwana sakubisala m'nyumba masiku ake. Wina adati akamatha kumulangiza mng'ono wake popanda kumuopseza ndi mabodza. A Lestina adati akamafunsa, chifukwa mwana wamantha safunsa. Cláudia adati zimenezo ndiye miyeso imene agwiritse ntchito, ndipo ofunsa atsikana sakhala iye, poti iye ndi mlendo, mame chabe. Adasankha Rhoda ndi mayi wina wa kutsidya, a Marcelina, amene adalibe chibale ndi profesori, kuti wina asadzati adakondera. Masiku angapo adawaphunzitsa kafunsidwe: osamuikira mwana yankho m'kamwa, osagwedeza mutu akamayankha, osamukalipira akalakwa, ndiponso kunena zimene wamva ngakhale zisakukomere. Rhoda, amene adazolowera kumalizira anthu mawu, adavutika nazo zedi, ndipo a Marcelina ankamutsina pantchafu akayamba.

Rhoda ndi a Marcelina adakumana ndi atsikana m'nyumba ya alangizi, chitseko chotseka. Ana amene pamaso pa alendo adali ngati adameza miyala, kuno adalankhula mpaka kulandana mawu. Wina adajambula pansi ndi chala chithunzi chonse, ndipo Rhoda adachizindikira, chidali chomwe chija cha pakhonde pake, chitayenda m'manja mwa anthu osasochera. Sikuti zonse zidali bwino ayi. Padapezeka kuti atsikana a kutsidya la mtsinje, amene sapemphera mpingo umenewo, sadamveko kalikonse. Rhoda adafuna kuti zimenezo zisalembedwe. Cláudia adakana mofatsa, nati akabisa choipa, chabwino chomwe sichidzakhulupirika.

Tsono padatsala fupa. Madzulo ena Cláudia adakhala ndi Rhoda ndi amayi ake kuseri kwa nkhokwe n'kunena mosapsatira. Umboni woti atsikana aphunzira ulipo wokwanira, ndipo bokosi likhoza kutsala. Koma monga zilili, zikuoneka ngati ntchitoyo ndi ya alangizi okha, ndipo dzina la profesori likhalabe lodetsedwa, mwinanso bungwe lipempha mphunzitsi wina. Mawu a Rhoda sangakwane, poti ndi mkazi wake. Pafunika konselyu ya makolo inene poyera kumene maphunzirowo amachokera.

"Amayi, ine sindikukakamizani. Ndikudziwa chimene ndikupempha," adatero Cláudia. "Mukakana, ndilemba zimene ndaona basi, ndipo sindidzakunenani."

A Lestina adatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Rhoda adafuna kuwatsatira kuti akawachonderere, koma adaleka. Akadawapempha bwanji amayi ake kuti adzivule ulemu umene adaumanga moyo wawo wonse? Ndipo akadangokhala chete bwanji chikwama chili chomanga pansi pa kama? Nkhaniyo adaisiya chomwecho mpaka tsiku limene konselyu idaitanitsa msonkhano wa makolo.

Mipando ulendo uno adasanja ndi makolo eni ake, Cláudia atawafunsa kuti amakhala bwanji. Abambo adakhala mbali yawo pansi pa mtengo, amayi pamphasa mbali inayo. Cosme adamuika m'kalasi, pafupi ndi zenera, pomwe ankamva zonse koma osaonana ndi aliyense. Rhoda ndi a Marcelina adafotokoza zimene adapeza, zabwino ndi zoperewera zomwe, osatchula zosayenera kutchulidwa pamaso pa abambo. Kenaka Cláudia adafunsa ngati konselyu ili ndi mawu okhudza profesori. Rhoda adayang'ana pansi.

Adamva chitenje chikukhwekhwereza pambali pake. A Lestina adaimirira, nayang'ana kumbali kosiyana ndi zenera lija.

"Ine ndi mlangizi, ndipo ana anu ambiri adadutsa m'manja mwanga. Koma zimene takhala tikuwauza zaka ziwirizi, zoti sizili m'mwambo wathu wakale, sitidazitole kutchire. Zimachokera kwa bambo a Anabela. Iwo amauza mwana wanga, mwana wanga amauza ine. Ine, nkhalamba, ndaphunzira kwa apongozi anga, ndipo sadandichititse manyazi ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lija ndidawafulatira chifukwa ndimawalemekeza. Amene akufuna kuimba nyimbo aimbe, ine ndidzavina nawo. Koma mwana inu, kalembeni kuti munthu ameneyu ntchito yake amaidziwa."

Adakhala pansi. Kumbali ya abambo wina adatsokomola, wina adayamba kuseka koma adalekeza ataona kuti ali yekha. A Marcelina ndiwo adayamba kuomba m'manja, pang'onopang'ono, mwa ulemu, ndipo amayi onse adatsatira. Rhoda misozi idangotsika yokha, sadaipukute n'komwe. Adanyadira amayi ake kuposa tsiku lina lililonse chibadwire.

Nyimbo idabadwadi, musaganize kuti anthu a kumjigo amagona. Isadathe sabata atsikana otunga madzi ankaimba za nkhalamba yolowa sikola ya mkamwini. A Lestina adatula ndowa yawo, namanga chitenje m'chiuno, n'kuvina mpaka oimbawo adagwa ndi phwete, ndipo nyimboyo idafera pomwepo poti idasowa woipsera mtima. Mawu adabwera kudzera kwa a diretori kuti bokosi likhala, profesori apitiriza, ndipo bungwe lapempha kuti Rhoda ndi a Marcelina akathandize kufunsa m'masikola ena, komanso kuti papezeke njira yofikira atsikana a kutsidya. Cosme adamva zonsezo, koma chikwama sadamasule. Rhoda atamufunsa, adati sakudziwa kuti adzayenda bwanji pamudzi pamene mayi wamkulu adadzitsitsa chotere chifukwa cha iye. Mwamuna ameneyu, manyazi ake adali ochita kunyanya.

M'mawa wina Cosme akupita ku sikola, Rhoda ali pambuyo pake ndi khasu, adakumana ndi a Lestina panjira yopapatiza ya kudimba, atabereka mdzukulu wawo Anabela. Cosme adachita monga mwa masiku onse, adapatukira m'udzu wa mame mpaka m'mawondo, n'kuyang'ana kumbali. A Lestina nawo adatembenuka. Koma m'malo modutsa, adaima. Adasuntha mbereko n'kuyamba kulankhula ndi mwanayo, mwana woti mano awiri okha, mawu sadayambe n'komwe.

"Anabela, uwauze bambo ako kuti ine ndidabala mwana mmodzi, koma pamudzi pano ndili nawo awiri. Uwauzenso kuti zovala zikakhalitsa m'chikwama zimanunkha nkhungu."

Adapitiriza ulendo wawo osacheuka. Cosme adaimabe m'udzumo, buluku litanyowa. Apongozi ake atatsala pang'ono kukhota, adakweza mawu pang'ono, maso akadali kumbali.

"Anabela, uwauze agogo ako kuti ndamva."

Masana a tsikulo Rhoda pobwera kumunda adapeza malaya onse a mwamuna wake ali pachingwe, akuwombedwa mphepo.